Kodi ndalama za sabuside ku America zimapita kwa alimi kapena kwa makampani?

Wa ku Iowa:
Moni nonse. Ndimakhala m'kaunti (dera longa boma la kwathu ku Malawi) ina yakumidzi m'chigawo cha Iowa, kumene minda ya chimanga ndi soya imatha m'maso. Ndaona mndandanda wa omwe amalandira ndalama za boma zothandizira ulimi m'dera lino, ndipo chandidabwitsa n'chakuti mayina ambiri apamwamba ndi a makampani, pamene ine ndinkaganiza kuti sabuside ndi ya mlimi wosauka monga kwathu. Odziwa, chonde tandimasulirani mmene ndalamazi zimagawidwira.

Mphunzitsi wa zaulimi:
Achimwene, vuto layambira pa mawu akuti sabuside, chifukwa kumeneko ndalama zimatsata munda, sizitsata umphawi wa mwini wake. Unduna wa zaulimi, USDA, uli ndi nthambi yotchedwa Farm Service Agency, yomwe ili ndi maofesi m'makaunti ambiri akumidzi, ndipo munda uliwonse unalembedwa maekala ake molingana ndi mbewu zomwe zinkalimidwamo zaka zam'mbuyo. Lamulo la zaulimi la 2014 linakhazikitsa njira ziwiri zolipirira alimi. Ya PLC imalipira mtengo wa mbewu ukatsika kupitirira womwe boma linaika, umene pa chimanga unali madola 3.70 pa bushelo (muyezo wa mbewu wa ku America), ndipo ya ARC imalipira pamene phindu la mbewuyo m'kaunti yonse lachepa poyerekeza ndi zaka zapitazo. Motero wa maekala ochuluka amalandiranso zochuluka. Musadabwenso ndi mayina a makampaniwo, pakuti ambiri mwa iwo ndi mabanja a alimi omwe analembetsa minda yawo ngati bizinesi pofuna kuchepetsa msonkho ndi mikangano ya chuma chamasiye.

Mayi wa ku Dedza:
Ine ndikuona kuti zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi zathu. Makuponi atayamba mu 2005, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, cholinga chinali chakuti banja losowa lipeze matumba awiri a feteleza ndi mbewu kuti lisagone ndi njala. Kodi kumeneko kulibe malire a ndalama zomwe munthu mmodzi angalandire?

Wowerengera ndalama:
Malire alipo, mayi, koma ndi mpanda wokhala ndi zipata zambiri. Lamulo la 2014 linati munthu mmodzi asalandire zoposa madola 125,000 pachaka, ndipo mu 2025 anakweza kufika 155,000. Chinsinsi chili pa mawu akuti munthu mmodzi. Munda ukalembetsedwa kuti ndi wa anthu angapo ogwirizana, aliyense amene akuonedwa kuti akutengapo mbali pa ulimiwo amakhala ndi malire akeake, ngakhale mbali yakeyo itakhala yongothandiza kuyendetsa zinthu ali m'tauni, khasu osaligwirako. Lamulo la 2018 linalolanso kuti asuweni ndi ana a abale aziwerengedwa m'banjamo, ndiye taganizirani banja lathu lachichewa likanakhala kumeneko kuti likanalemba anthu angati.

Apa ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi, omwe aonetsa ngati zonse zili bwino popeza makampaniwo ndi mabanja. Banja lolandira zambiri ndi lomwe limatha kugula kapena kubwereka munda wa mnzake akakalamba, ndipo mtengo wa malo umakwera chifukwa aliyense amadziwa kuti ekala iliyonse ili ndi ndalama ya boma kumbuyo kwake. Mnyamata wofuna kuyamba kulima sangapikisane nawo. Pa inshulansi ya mbewu, yomwe boma limalipirira alimi pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse a mtengo wake, malirewa sagwirako ntchito n'komwe.

Wa ku Iowa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndabwereranso pa mndandanda uja, ndipo ndaona kuti ziwerengero zinakwera kwambiri mu 2018 ndi 2019, zaka zomwe China inakweza msonkho pa soya wa ku America ndipo boma linapereka madola pafupifupi 23 biliyoni opepesera alimi. Eni munda umene ndimagwirako ntchito alipo pa mndandandawo, limodzi ndi ana awo awiri.