Mkodzo wa thovu mwa munthu wonenepa: kodi ndi amyloidosis?

Wofunsa: Moni nonse pa gulu. Mayi anga ali ndi zaka 58, ndi onenepa kwambiri, mapazi akutupa ndipo mkodzo ukuchita thovu. Shuga alibe. Adokotala atchula amyloidosis, akufuna kudula kanyama kokayeza. Kodi kunenepa kokha kungadzetse matendawa? Nanga podikira tizitani?

Yankho 1: Zimatheka achemwali, koma si kawirikawiri. Thupi likakhala pa nkhondo ndi matenda kwa zaka, chiwindi chimatulutsa puloteni ya SAA mosalekeza. Tizidutswa take timaundana mu sefa za impso (zoundanazo ndiye amyloid, matendawo ndiye amyloidosis ya mtundu wa AA), sefazo n'kuyamba kudontha puloteni mu mkodzo. Thovu lija ndi limenelo. Mafuta a m'thupi nawo amatulutsa SAA ndi IL-6 (puloteni yolimbikitsa chiwindi kupanga SAA), n'chifukwa chake kunenepa kumatchulidwa. Komabe dokotala amaloza kunenepa atafufuza kaye zina zonse: TB, nyamakazi yotupitsa mfundo, mafinya a m'fupa, khate, chilonda chosapola.

Yankho 2: Ndiwonjezepo, chifukwa kunenepa kumawononganso impso popanda amyloid. Sefa zimakula ndi kugwira ntchito mopyola, kenako zimachita zipsera. Pamenepo puloteni imatuluka ndithu, koma nthawi zambiri albumin (puloteni ya m'magazi) satsika kwenikweni ndipo mapazi satupa. Kutupa, albumin wotsika ndi puloteni yoposa magalamu 3.5 pa tsiku zimafuna kufufuza mozama. Mayi anu ayezetse creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito), albumin, CRP (woonetsa ngati thupi likulimbana ndi matenda), HIV ndi hepatitis B. Kanyamako musakaope. Adokotala angayambe ndi kudula ka mafuta a pamimba. Akapanda kupeza kanthu sizitanthauza kuti mulibe, amapita ku impso. Amakapaka utoto wa Congo red, ndipo amyloid amaoneka wobiriwira pa maikulosikopu yapadera. Mufunsenso mtundu wake, AA kapena AL, poti AL amachokera m'mafuta a m'mafupa ndipo mankhwala ake ndi ena.

Wofunsa: Zikomo. TB anadwalapo kale, anamaliza mankhwala, kungoti amatsokomolabe makhololo.

Yankho 2: Izitu muwauze adokotala musanatchule n'komwe za kunenepa. TB imatha kusiya timachubu ta m'mapapo titafutukuka, mafinya n'kumakhalamo zaka. Ajambulidwe pachifuwa, makhololo ayezedwe. Gwero likathetsedwa SAA amatsika. Cholinga n'chakuti SAA akhale pansi pa 10 mg pa lita ya magazi.

Yankho 3: Podikirapo, bulufeni, diclofenac ndi indosidi asiye, pa ululu amwe panado. Azitsamba a "kutsuka impso" ayi. Mchere usapyole magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi soda wa m'therere. Akapatsidwa enalapril (mankhwala a BP ochepetsanso puloteni mu mkodzo), creatinine ndi potaziyamu ziyezedwenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri; akamachita chizungulire poimirira abwerere kuchipatala, chifukwa amyloid payekha amatha kutsitsa BP. Sikelo isakunamizeni panopa. Makilo awiri obwera m'masiku atatu ndi madzi, si mafuta.