Mbale za dogwood zikung'aluka, ndatopa nazo

Utuchi: Akuluakulu thandizeni. Mbale yachitatu ya dogwood (mtengo wina wolimba) imene ndapala pa lathe, makina ozunguza mtengo poupala, yapita. Mtengo ndi wauwisi, mbale ya masentimita 18, khoma ndikufuna lifike mamilimita 3. Ndikafika chapakati mlomo wa mbale umayamba kulira, gouge (chitsulo chopalira) n'kumasiya mizeremizere. Ya dzulo ndinaimaliza bwinobwino, m'mawa ndapeza mng'alu kuchokera pansi mpaka m'mphepete. Gouge ndanola, chuck (chopanira mbale pa lathe) yagwira nganganga. Ndikulakwitsa pati?

Chiputu: Choyamba, mtima wa mtengo munauchotsa? Dogwood thunthu lake limakhala laling'ono, ndiye munthu umachita ulesi kutaya pakatipo. Ukausiya basi, mng'alu umayambira pomwepo.

Utuchi: Ndinaduladi chapafupi ndi mtima. Mwina kachidutswa kanatsalira.

Madala a Mphika: Wiritsani. Mukaipala koyamba, iponyeni mumphika, ola limodzi pa inchi iliyonse ya kuchindikala kwake. Ine ndimatero ndipo sindilira.

Chiputu: Madala, iyi ndi ya mamilimita 3, akuimaliza kamodzi. Muwiritsa chiyani pamenepo? Achimwene, kumbukirani kuti mtengo uwu umafota kwambiri pouma, kuposa mitengo yambiri yolimba. N'chifukwa chake pansi pakachindikala kuposa khoma, khoma limauma msanga n'kuyamba kukoka, pansi pasanaume. Ndiye phwaa. Yezani ndi caliper (choyezera kuchindikala), zala zimanama. Ndikukhulupirira pansi panu panali mamilimita 7 kapena 8.

Nyali: Za kulirazo: musakumbe mbale yonse kenako n'kubwerera kumlomo. Malizani masentimita awiri oyamba mpaka pa mamilimita 3, mwatha nawo, tsikani. Nyama ya pakati ndi imene ikugwira khomalo, musaichotse msanga. Ndipo osapita kukamwa tiyi mbale ili theka. Mphindi khumi zokha mlomo wayamba kale kukhala ngati dzira, mukabwezapo chitsulo ikulumani. Ine ndimayatsa tochi kuseri kwa khoma. Dogwood wauwisi ndi woyererapo, kuwala kumadutsa, ndiye pamene pali mdima mudziwe kuti mpochindikala.

Madala a Mphika: Zonsezo mukuvutika nazo chifukwa simufuna kuwiritsa.

Chala Chimodzi: Tochiyo samalani nayo. Ndinatsata kuwala tsiku lina osadziwa kuti mlomo wauma kale, mtengo wouma sudutsa kuwala mofanana ndi wonyowa. Ndinapala mpaka ndinatulukira kunja. Mbale inagawika pawiri, theka linamenya chotchinga kumaso, lina ndinakalipeza kuseri kwa chitseko. Magalasi okha sakwanira abale, valani chotchinga nkhope yonse. Komanso musaime moyang'anizana ndi mlomo poyatsa lathe.

Nyali: Zoona. Muziwaza madzi pang'ono kuti isaume muli mkati. Scraper wamba (chitsulo chopala mokanda) pakhoma lopyapyala chonchi ayi ndithu, ikangokola basi kwatha.

Utuchi: Liwiro bwanji? Ndimayendetsa cha m'ma maulendo 1,500 pa mphindi.

Chiputu: Pa mbale ya msinkhu umenewo ine sindipitirira 1,100. Dogwood ndi wolemera, kale ankapangira mitu ya hamala zamtengo ndi zoponyera ulusi m'mafakitale a nsalu ku America. Chidutswa chake chikakupezani simuseka. Sandipepala nayenso musakanikize, kutentha kumabweretsa timing'alu ting'onoting'ono kumene kwathera mitsempha ya mtengo.

Madala a Mphika: Ndanena kale. Siyani khoma lochindikala gawo limodzi mwa khumi la kukula kwa mbale, wiritsani, idzaume, mudzamalize pambuyo. Yozungulira bwino imatuluka choncho.

Chala Chimodzi: Madala, dogwood wouma munamupalapo mpaka mamilimita 3? Ali ngati fupa. Mumanola katatu mbale isanathe. Komanso amapindika kwambiri moti gawo limodzi mwa khumilo nthawi zina silikwana, pomaliza mbali ina imatha ina isanakhudzidwe. Ine ndimangoiika muthumba lapepala pamodzi ndi zopalapala zake, pamalo opanda mphepo, ipindike mmene ikufunira. Pulasitiki ayi, imachita nkhungu.

Madala a Mphika: Nkhani ya kunola ndi ina. Mwala wanu ndi wotani? Ngati mukadali pa wotuwa uja musadandaule za mtengo.

Nyali: Ine ndinasamukira ku gudumu lonolera lotchedwa CBN, la nambala 180 pa kukhakhala kwake. Koma ndodo yogwirira gouge ponola inandisokoneza, ngodya inasintha yonse. Alipo amene akunola pa madigiri 40 ndi manja okha?