Ma pellet abwino kwa kalulu wopita ku show ndi ati?

NaPhiri_Leeds

Moni nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaweta akalulu. Ine ndili ku Leeds, mwana wanga wamkazi wazaka 12 amakonda akalulu kwabasi ndiye chaka chatha tinamugulira awiri a mtundu wa Netherland Dwarf, tating'ono tija tamakutu afupiafupi. Onse ali ndi mphete ya British Rabbit Council (bungwe la oweta akalulu kuno ku UK) kumwendo moti akhoza kulowa mpikisano. Vuto ndi wamphongoyo, dzulo tamuyeza pa sikelo yakukhitchini wafika 1.25kg pomwe mtunduwu safuna upitirire 1.134kg, komanso ubweya wake sukuwalanso ngati mmene tinamutengera, ukamusisita chobwerera kumutu ubweyawo ukungoima nyankhalala osabwerera bwino. Timawapatsa chakudya chosakaniza chija muli chimanga chophwanya, nsawawa zouma ndi tinthu tina tofiira ndi tobiriwira, mbale imakhala yodzadza tsiku lonse. Show yatsala miyezi iwiri ndipo mwanayu akudandaula kwambiri. Ndigule ma pellet (chakudya chija chopangidwa timibulu) anji? Mu shop matumba ake ndi ambirimbiri sindikudziwa poyambira.

Chisale_Notts

Achemwali, choyamba chosakanizacho chisiyeni. Kalulu amasankha, amatola zotsekemera zokhazokha nkusiya timitengo tija tomwe muli fibre, mukayang'ana pansi pa mbale madzulo mupeza zomwe zatsala ndi zomwezo tsiku lililonse. Ndi chifukwa chake wanenepa. Pellet ubwino wake ndi woti kalikonse nkofanana ndi kanzake, palibe chosankha.

Mukalowa mu shop musatengeke ndi chithunzi cha pa thumba, litembenuzeni muwerenge kumbuyo. Fibre ikhale 18% kapena kuposa, ikafika 20 ndi kupitirira ndiye bwino kwambiri kwa wanu wonenepayo. Protein kwa kalulu wamkulu amene sakubereka 14 mpaka 16% yakwana, ija ya 18% ndi ya akazi oyamwitsa ndi ana amene akukula, mukampatsa mphongo yongokhala mukhola imangounjika mafuta m'mapewa. Mafuta akhale cha m'ma 2 kapena 3%. Onaninso chimene chalembedwa koyambirira pa mndandanda wa zosakaniza, pakhale udzu ngati timothy osati tirigu kapena chimanga.

Koma ngakhale mugule thumba lodula bwanji, mbale yodzadza tsiku lonse iononga zonse. Muyezo wake ndi pafupifupi 25g pa kilo iliyonse ya kalulu patsiku, ndiye wanuyo 25g mpaka 30g basi, muziyeza pa sikelo yomweyo. Muona ngati tachepa ndipo mwanayo amumvera chisoni, koma m'malo mwake udzu wouma usamasowe mukhola usana ndi usiku, mulu wofanana ndi thupi lake. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, cha m'ma 2mm pa sabata akutsogolowa, chimawapala ndi udzu, ndipo woweruza amatsegula kukamwa kuona ngati mano akulumana bwino.

MlimiWakuDomasi

Mayi ine ndili kumudzi kuno, ndimaweta ma New Zealand White a ndiwo, za mipikisano yakunjako sindinapangeko koma kalulu ndi yemweyo. Anga ambiri amadya chisoso, kholowa, masamba a mtedza ouma ndi madeya pang'ono, ma pellet ndimagulira okhawo oyamwitsa chifukwa mtengo wake si masewera. Chimene ndikufuna ndikuchenjezeni ndi thumba lokhalitsa. Dzinja lina ndinagula thumba lalikulu kuti ndipulumutse ndalama nkuliika pansi pa simenti m'chipinda chosungira katundu, patatha mwezi ndikutapa ndinangomva kafungo ka chuku, ma pellet ena atagwirana mabulumwa pansi pake. Ndinachotsa oipawo nkupitiriza kupereka otsalawo poganiza kuti ali bwino, sabata yomweyo ana a kalulu asanu anatupa mimba nkufa, mpaka lero zimandipweteka ndikakumbuka. Inu muli ndi akalulu awiri okha, gulani kathumba kakang'ono koti kathe msanga, muone deti, musunge mu chigoba chotseka bwino pouma. Mukatsegula nunkhizani, abwino amanunkhira ngati udzu wongouma kumene ndipo sakhala ndi fumbi lambiri pansi.

Komanso kuno ena amapatsa akalulu growers ya nkhuku ati ndi pellet yomweyo, ayi ndithu, mulibe fibre yokwanira ndipo zakudya zina za nkhuku amathiramo mankhwala a matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis oti kwa kalulu ndi poizoni.

NaPhiri_Leeds

Zikomo kwambiri achimwene nonse, pepani bambo aku Domasi ndi ana anuwo. Ndayang'anadi mbale ija, timitengo tokhatokha ndi tomwe tatsala. Ndiye ndingotaya chakalecho mawa nkuyamba atsopanowo? Nanga za ubweyazo pali chowonjezera?

Mbewe_waBenoni

Ayi mayi musasinthe tsiku limodzi, mimba ya kalulu siichedwa kusokonekera. Ine ndimagwira ntchito pa plot kuno ku Joni, abwana anga amaweta a show ndiye ndine ndimadyetsa m'mawa ndi madzulo. Timasakaniza, masiku atatu oyamba atsopano pang'ono akale ambiri, kenako theka theka, kenako akale pang'ono, pofika masiku 10 wasinthiratu. Nthawi yonseyo muziyang'ana ndowe zake m'mawa uliwonse, zabwino zimakhala zozungulira, zouma, zofanana kukula, ukaiphwanya mkati mumaoneka tiudzu. Zikayamba kuchepa kapena kukhala ting'onoting'ono tolimba, kapenanso wakana kudya kwa maola 12, thamangani naye kwa vet tsiku lomwelo. Ndipo musamugoneke ndi njala kuti atsike msanga, 120g pa miyezi iwiri itheka bwinobwino ndi muyezo womwe akuuzani a Chisale, muzingomutulutsa azithamanga tsiku ndi tsiku nkumamuyeza kamodzi pa sabata mwanayo azilemba mu kope.

Za ubweya, kuno timawonjezera njere za mpendadzuwa zakuda zija koma zochepa zedi, kwa kakang'ono ngati wanuyo zitatu kapena zinayi patsiku, ndipo inu dikirani kaye atsike sikelo chifukwa muli mafuta ambiri. Mukachulutsa amayamba kuyoyola ubweya show itayandikira, ndinaziona ndi maso anga pa mphongo ina yomwe tinkaidalira, inatsala pakhomo anzake akupita. Onaninso kuti mwina panopa akungoyoyola wakale, uzirani pamsana, mukaona ubweya watsopano waufupi ukutuluka pansi ndiye palibe pellet ingafulumizitse, nkungomupesa basi. Madzi asamaphwe, kalulu akapanda kumwa sadyanso. Ndipo mukapeza pellet yomuyanja mukhale nayo yomweyo mpaka tsiku la show, popita munyamule pellet yake yapakhomo ndi udzu womwe anauzolowera.