Kodi ndili ndekha amene ndinakula ndikumufila Karabo wa mu Generations mpaka lero?

Yolemba: Bambo_a_Tadala

Amwene ndi asisi, funso langa musandiseke nalo. Ine ndinayamba kumufila Karabo Moroka wa mu sewero la pa TV la ku South Africa la Generations ndili ku pulayimale, nthawi imene SABC1 inkagwira pa dikoda ya free to air, ndipo lero ndili ndi banja ndi ana koma Connie Ferguson, amene ankasewera ngati Karaboyo, ndimamutsatirabe kulikonse, akaika chithunzi pa Instagram ali ku jimu ine ndimakhala m'gulu la oyamba kuona. The Queen ndinaonera kuchokera 2016 mpaka pamene inatha mu 2023, osati chifukwa nkhani yake inkandisangalatsa kwambiri ayi, koma poti iyeyo analimo ngati Harriet Khoza basi. Mayi akunyumba amangoti "akazi anu aja ayamba, bwerani" ndiye amaseka, koma nthawi zina ndimaona ngati kusekako kuli ndi kanthu pansi pake. Ndiye ndifunse, zimenezi zimatha munthu akakula kapena ndi matenda oti tifa nawo? Inuyo munali ndi ndani wanu?

Mayankho

NaPhiri_Zomba

Kkkkk bambo a Tadala simuli nokha ndithu, mzere wake ndi wautali. Koma ife atsikana Karabo tinkadana naye chifukwa anatilanda Tau Mogale. Rapulana Seiphemo uja akavala suti ndiye nkuyamba kuyankhula mofatsa muja, ine ndinkaiwala kuti pa mbaula pali ndiwo. Kwathu kunalibe dishi, tinkaonera kwa aneba amene bambo ake ankagwira ntchito ku banki, ndipo chabwino chake nthawi ya ku South Africa ndi yathu kuno ndi imodzimodzi, ikati 8 koloko uko kunonso ndi 8 koloko, ndiye mbale zinkatsukidwa mothamanga isanakwane. Tinkakhala pansi pa simenti ana a nyumba zingapo, wamkulu mmodzi nkumawerengera ena mawu achingerezi olembedwa m'munsi aja poti anthuwo amasakaniza Chizulu, Chisotho, Chitswana, ndipo magetsi akazima pakati pa sewero unkamva mfuu mulaini yonse.

Kenako ndili ku sekondale ndinasamukira kwa Sibusiso Dlomo, Ngamla mwiniwake. Munthu wankhanza, wodzimva, wosakululuka, koma mawu ake aja aaa. Menzi Ngubane, amene ankasewera ngati Sibusiso, atamwalira mu March 2021 ndinalira zenizeni, amuna anga anadabwa nkumafunsa kuti wamwalira ndi wachibale wa mbali iti. Ndiye zoti zimatha iwalani, zimangosintha mtundu. Kale unkafuna akukwatire, pano umangofuna akhale ndi moyo wathanzi, akadwala iwe nkumada nkhawa ngati ndi malume ako.

Za mayi akunyumba musade nazo nkhawa, afunseni bwinobwino, nawonso ali naye wawo. Ngati si Tau ndi Ramsey Nouah.

Madala_Chimwala

Ana inu munakula pabwino. Ife TV ya dziko lino tinaiona mu 1999 pamene TVM inkayamba, tili akuluakulu kale ndevu zili pepeya. Ubwana wathu unali wa wayilesi ndi vidiyo sho, kachipinda kamdima kumsika, mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri. Kumeneko kunalibe zofilana, aliyense ankangofuna kukhala Bruce Lee kapena Van Damme, ukatuluka nkukathyola mkono wa mnzako poyeserera. Pa wayilesi ndiye unkakonda mawu a muulutsi osadziwa nkhope yake, tsiku lodzamuona pamaso nkukhumudwa, poti m'mutu unali utamujambula wina.

Koma kuti musamati nzopanda pake, taonani Manganya. Anthu anamukonda pa Tikuferanji kwa zaka zambiri, a Michael Usi analowa ndale anthu akuwaitanabe Manganya, mpaka mu 2024 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti dzina lija lili pomwepo. Ukalowa m'nyumba za anthu madzulo aliwonse ana akukula akukuona, sutulukamonso.

Jozi_Boy

Aise ine ndili ku Johannesburg kuno ndipo ndikuuzeni, anthu a kuno amadabwa ndikamawafotokozera kuti ku Blantyre kunali anyamata oloweza mzere wonse wa banja la a Moroka kuposa mzere wa kwawo. Ine wanga anali Ntombi, Sonia Mbele uja, ndipo pang'ono Dineo, koma Dineo ndinkamuopa, mtsikana woti wakwatiwa ndi Kenneth Mashaba kenako nkumazemberana ndi mwana wa mwamuna wake yemweyo, ameneyo ngofilira patali.

Chimene ndikufuna kunena ndi ichi, kwa ambiri a ife Generations inafa kawiri motsatizana ndipo mwina nchifukwa chake anthu aja anakhazikika m'mutu mwathu momwe analili. Koyamba mu 2013 pamene Sentech, kampani yofalitsa siginolo ya TV ku South Africa, inatseka siginolo ya SABC kunja kwa South Africa, madikoda a Philibao aja anangosanduka a matchanelo a mapemphero okhaokha, amene analibe ndalama ya DStv nkhani inathera pomwepo osadziwa kuti Senzo ndi Jason zinawathera bwanji. Kachiwiri mu 2014 pamene osewera 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino, Menzi Ngubane, Sophie Ndaba amene anali Queen Moroka, Katlego Danke amene anali Dineo, onse panja. Mfundi Vundla, amene anayambitsa Generations, anaimitsa sewero kwa kanthawi nkulibweretsanso mu December chaka chomwecho ndi dzina loti Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20. Karabo anabwerera inde, koma nyumba inali ya eni ena. Ine sindinaikondenso.

Ndiye bambo a Tadala mwayi wanu ndi woti munasankha munthu amene sanazimirire. Connie anatsegula Ferguson Films ndi mwamuna wake Shona, nkumapanga masewero awo okha, Rockville, The Queen, kenako Kings of Jo'Burg pa Netflix. Ena amene tinkawafila anangosowa, ukawafufuza pa intaneti umapeza nkhani za matenda ndi ngongole zokhazokha, zimawawa kuwerenga. Ndikadutsa ku Auckland Park kumene kuli ma situdiyo a SABC ndimachepetsabe liwiro la galimoto kuyang'ana pageti, pena mwina atulukira wina kkkk.

Mercy_wa_Area25

Ine ndisiyane nanu pang'ono. Anthu mumati mumakonda Connie koma amene munamufila ndi Karabo, munthu woti kulibe, anachita kumulemba papepala anthu ena. Karabo sankadzuka ndi nkhope yotupa, sankafunsa ndalama ya makala, akalira misozi inkatsika mwadongosolo osaononga zodzola. Nanga mayi a Tadala apikisana naye bwanji ameneyo? Kufila sikulakwa ayi, ine Jim Iyke ndinamumata pachikuto cha kope la masamu mpaka aphunzitsi anandilanda, koma ngati kunyumba mwayamba kumva kuti kuseka kwa mayi kwasintha ndiye foniyo muziiika pansi nthawi ya chakudya. Komanso ndemanga zija mumalemba pansi pa zithunzi zake anthufe timaziona, "my queen" ndi timitima tofiira, munthu wa ana atatu.

Bambo_a_Tadala

Asisi a Mercy mwandilasa koma ana ndi awiri kkkk. Pa nkhani yoti ndi Karabo osati Connie, poyamba zinalidi choncho, mwana wa sitandade 6 angadziwe bwanji kuti munthuyu dzina lake lenileni ndi lina. Koma Shona atamwalira ndi Covid mu July 2021, amene ndinamumvera chisoni sanali Karabo, anali mzimayi woti wakhala pabanja kuyambira 2001 ndipo akuyenera kubwerera kukajambula sewero lomwe ankapanga ndi malemuyo. Ndipo tsiku limenelo amene anandiuza uthengawo ndi mayi a Tadala omwewo, anachita kundiimbira foni ndili kuntchito mawu akunjenjemera, nawonso Shona ankamufila osanena.

Jozi_Boy, inu muli pafupi, kodi ma episodi akale aja a nthawi ya Tau ndi Karabo amapezeka penapake athunthu? Pa YouTube ndimangopeza tizidutswa tosaoneka bwino, tina mawu ndi milomo sizikugwirizana.

Jozi_Boy

Athunthu sindinawaonepo aise, koma ndifunsa mayi wina amene ndimagwira naye ntchito, amati kwawo ku Soweto anasunga matepi a VHS amene ankajambula yekha. Vuto likhala kupeza makina oseweretsera.