Ana akukanirira kuti cholemera chimagwa msanga, nditani?

Aphunzitsi anzanga a sayansi, ndigawireniko nzeru. Ophunzira anga amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka. Ndinakwera pa desiki n'kugwetsa mwala waukulu ndi waung'ono nthawi imodzi, yonse inafika pansi pamodzi. Mtsikana wina anangoti, "Aphunzitsi, waukuluwo mwachedwa kuusiya." Ndinawaonetsanso kanema wa David Scott wa pa ulendo wopita ku mwezi wotchedwa Apollo 15, yemwe mu 1971 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi, pomwe palibe mpweya. Anaomba m'manja, koma pamayeso ambiri anabwerera ku zakale zomwe zija.

Chondivuta n'chakuti pepala limagwadi pang'onopang'ono, ndiye maso awo sakuwanamiza ayi. Inu mumafotokoza bwanji kuti ndi mpweya umene umachedwetsa pepalalo, osawasokoneza? Kapena ndiziwauza alosere kaye ndisanagwetse kanthu?