Zikomo, kanjoka kakuda kamumchenga kaja kadziwika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za mtundu wa kanjoka kakuda konyezimira kamene ndinakafukula polima kumunda kwathu ku Kachulu, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ambiri munati ndi kosaluma kaja, ka mitu iwiri. Koma ndinatsata malangizo a bambo amene anati ndisakagwire ngakhale pakhosi, ndingokajambula. Wodziwa njoka ataona chithunzicho anati ndi kanjoka kaululu kamene dzina lake lasayansi ndi Atractaspis bibronii. Ndinakakankhira mu ndowa ndi khasu n'kukakataya kutchire, kutali ndi ana.

Chandiopsa n'choti mano ake amatulukira cham'mbali, kukamwa kuli chitsekere, ndiye ukakagwira pakhosi kamakubaya chala. Kamakonda kutuluka usiku mvula ikagwa. Kakakulumani musatemere kapena kumanga chingwe. Vulani mphete chala chisanatupe, thamangirani kuchipatala, chifukwa ululu wake umaoletsa mnofu.