Sefa ya m'thanki ya ma guppy yafooka: ndiitsuke bwanji popanda kuvulaza nsomba?

Wofunsa

Moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwaweta nsomba za m'thanki kwa nthawi yaitali, makamaka ma guppy, tinsomba ting'onoting'ono timene timabereka ana amoyo. Ndili ndi thanki ya malita 60 momwe muli ma guppy akuluakulu 8, aamuna 3 ndi aakazi 5, ndipo mmodzi mwa aakaziwo wabereka posachedwapa, moti pali tiana tambiri timene tikubisala m'zomera za pakona. Thankiyi yakhala bwino kwa miyezi ingapo: madzi ndi oyera, nsomba zikudya, ndipo palibe imene yafa. Sefa yake ndi ija yopachika kumbuyo kwa galasi, imene imakoka madzi ndi paipi n'kuwagwetseranso m'thanki kuchokera pamwamba. M'kati mwake muli siponji, timiyala toyera tobookabooka ta ceramic, ndi kathumba kathonje kokhala ndi makala, kamene amakatcha cartridge.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti madzi otuluka m'sefa achepa kwambiri. Poyamba ankagwa pamlomo wonse wa sefayo, koma tsopano akungotsetsereka kumbali imodzi, ndipo usiku kukakhala zii ndimamva pampu ikulira ngati m'kati muli kanthu kamene kakukhulika. Nditatsegula chivundikiro ndinaona kuti siponji ija yasanduka yabulauni ndipo ikuterera ukaikhudza.

Sindinachotsemo chilichonse kufikira lero chifukwa malangizo amene ndapeza akutsutsana. Papaketi ya sefa analemba kuti cartridge izisinthidwa mwezi uliwonse. Munthu wina anandiuza kuti ndichotse zonse n'kuzitsuka pampopi kapena ndi madzi otentha mpaka ziyere, pamene winanso anandichenjeza kuti sefa siitsukidwa ayi, chifukwa ukangoitsuka nsomba zimafa. Kodi choona ndi chiti? Ndikufuna kudziwa katsukidwe koyenera, zimene ndiyenera kusintha ndi zimene ndiyenera kusiya, komanso mmene ndingatetezere tiana tija pogwira ntchitoyi. Ndidzathokoza kwambiri.

Woyankha woyamba

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanakhudze kanthu, ndipo chonde uphungu wa madzi otenthawo musautsatire. Sefa imagwira ntchito ziwiri, ndipo imene timaiona ndi maso, yokola zinyalala, ndiyo yaing'ono. Ntchito yaikulu amaigwira ndi mabakiteriya amene amamatirira pa siponji ndi pa timiyala tija. Nsomba zimatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zimene zimapumira, ndipo ndowe zake pamodzi ndi chakudya chotsala zikamawola zimaonjezera amoniya wina. Amoniya ndi poizoni. Gulu lina la mabakiteriya, monga a mtundu wa Nitrosomonas, limamusandutsa nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula okosijeni. Kenako gulu lina, monga Nitrospira, limasandutsa nitrite uja kukhala nitrate, amene savulaza msanga ndipo timamuchepetsa posintha madzi. Kuti mabakiteriya amenewa achuluke mokwanira m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, nthawi zina kuposerapo. Mukawapha ndi madzi otentha, sopo kapena klorini, ndiye kuti thanki yanu mwaibwezera poyambira nsomba zili momwemo, ndipo tiana tija ndi timene tidzayambe kuvutika.

Komabe amene anati sefa siitsukidwa nayenso anapitirira malire. Mabakiteriyawa amadalira madzi oyenda kuti awabweretsere okosijeni, choncho siponji ikatsekeka ndi matope iwonso amafooka. Cholinga potsuka n'kutsegula njira ya madzi basi, osati kuyeretsa siponji.

Ntchitoyi muigwire pa tsiku limene mukusintha madzi. Yambani mwazimitsa sefa ndi hita yotenthetsera madzi pasoketi, chifukwa hita yagalasi ikakhala kunja kwa madzi ili choyakira ikhoza kusweka. Kokerani madzi a m'thanki, pafupifupi malita 15, mu ndowa imene sinalowepo sopo, ndipo muyang'anitsitse ngati simunakokere kamwana. M'madzi omwewo viikanimo siponji, muifinye, muisiye imwe madzi, muifinyenso, mpaka matope olemera atuluke. Madzi a mu ndowa adzada ngati a mtsinje wosefukira, ndipo zimenezo zisakuopseni. Mukaona kuti siponji ikumwa madzi msanga ndipo ikubwerera mmene inalili mukaisiya, lekani pomwepo ngakhale idakali yabulauni. Timiyala ta ceramic musatikhule, ingotigwedezani m'madzimo kuti matope achoke. Zonsezi zisaume, ndipo zisakhalitse kunja kwa sefa.

Woyankha wachiwiri

Ndikugwirizana ndi mayi amene ayankhawa, koma phokoso limene mwatchula silikuchokera ku siponji. Pamene paipi yokoka madzi imathera m'bokosi la sefa pali mota, ndipo m'kati mwake muli kafani kakang'ono kokhala ndi maginito, kamene amakatcha impeller. Kafani kameneka ndi kamene kamakankha madzi, ndipo kamazungulira pa kamtengo kowonda kachitsulo kapena ka ceramic. Zoterera zikaunjikana pamenepo, kapena kamchenga ndi ulusi wa zomera zikalowapo, kamazungulira movutikira, madzi amachepa, ndipo kamayamba kulira. Anthu ambiri amatsuka siponji mobwerezabwereza n'kumadabwa kuti mphamvu ya madzi sikubwerera, pomwe vuto lili pamenepa.

Mukazimitsa sefa, kokani kafaniko pang'onopang'ono. Mudzamva maginito akukakaniza pang'ono, ndipo ndi mmene zimakhalira. Katsukeni ndi mswachi wakale umene sunatsale ndi mankhwala a mano, mupukutenso m'dzenje mmene kamakhala ndi kathonje ka pakamtengo. Masefa ena ali ndi timphira ting'onoting'ono kunsonga za kamtengo kaja, ndipo timasochera mosavuta, choncho mugwirire ntchitoyi m'beseni. Mbali imeneyi pamodzi ndi paipi mukhoza kuitsuka pampopi, popeza mabakiteriya ambiri sakhala pamenepo. Pobwezera, thirani madzi a m'thanki m'bokosi la sefa mpaka lidzaze musanayatse, kuti mota isazungulire pouma. Phokoso likapitirira mutatsuka, onani ngati tsamba lina la kafaniko lathyoka kapena kamtengo kadyeka, ndipo zikatero chofunika kusintha ndi kafani kokha, osati sefa yonse.

Woyankha wachitatu

Pepani akuluakulu, ine ndikuona kuti nkhani ya madzi a pampopi timaikulitsa. Ndakhala ndikutsuka masiponji anga pampopi kwa zaka zambiri ndipo nsomba sizinavutikepo. Mabakiteriya sakhala m'sefa mokha. Amakhalanso pa timiyala ta pansi, pagalasi ndi pa zomera, ndipo kutsukuluza kwa mphindi imodzi sikungawathe onse. Madzi otentha ndi sopo ndiye ndikukana nawo limodzi.

Woyankha woyamba

Bambo amene mwangolembanu, zimene mwaona m'mathanki anu sindikuzikana. Thanki imene yakhala zaka, yokhala ndi zomera zambiri ndi nsomba zochepa, imapirira zambiri. Koma klorini wa m'madzi a pampopi sakhala wofanana kulikonse, ndipo ngakhale pampopi womwewo amatha kuchuluka masiku ena. Thanki ya wofunsayu ndi ya miyezi yochepa chabe, ili ndi tiana, ndipo chiwerengero cha nsomba chikukwera, chifukwa guppy wamkazi amabereka pafupifupi mwezi uliwonse, ndiponso amatha kusunga mbewu ya wamwamuna n'kuberekanso kangapo wamwamunayo kulibe. Madzi akale amakhala ali kale mu ndowa pa tsiku losintha madzi, choncho sindikuona chifukwa choikira nsomba pachiswe.

Nditchulenso za madzi atsopano amene mudzathire, popeza adzadutsa m'sefa yomweyo. Muwathire mankhwala ochotsa klorini asanalowe m'thanki. Klorini amauluka madzi akakhala poyera tsiku limodzi kapena awiri, koma kumene amathira chloramine m'madzi a pampopi, amene sauluka msanga ngati klorini, kudikira sikuthandiza, pamafunika mankhwalawo. Kutentha kwake kufanane ndi kwa madzi a m'thanki. Ma guppy amakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 26.

Wofunsa

Zikomo kwambiri mayi, zikomonso abambo nonse awiri. Za siponji ndi za kafani ndamva. Chatsala ndi cartridge ija: ndiitaye monga mmene papaketi akunenera, kapena nayonso ndiifinye n'kuibwezera? Ndikuopanso kuti mphamvu ya madzi ikabwerera, paipi iyamba kukoka tiana, chifukwa mipata ya kunsonga kwake ndi yaikulu kuposa matupi a tianato.

Woyankha wachinayi

Bambo, lamulo la mwezi umodzi limachokera pa makala amene ali m'cartridge. Makala amenewo amayamwa fungo, mtundu wachikasu wa madzi ndi zotsalira za mankhwala, koma pakapita masabata ochepa amakhuta ndipo sayamwanso kanthu. Thanki yosamalidwa bwino siifuna makala tsiku ndi tsiku. Amathandiza makamaka mukamaliza kuchiza nsomba n'kufuna kuchotsa mankhwala m'madzi, ndipo pa nthawi ya kuchizayo ayenera kuchotsedwa kuti asayamwe mankhwala. Amene ali pa ngozi kwenikweni ndi aja amene sefa yawo ili ndi cartridge yokha, chifukwa akaitaya amakhala ataya mabakiteriya ochuluka a m'sefa pa tsiku limodzi. Inu muli ndi siponji ndi timiyala, choncho kuitaya si tsoka, koma musaitaye tsiku lomwelo limene mwafinya siponji. Papite masabata awiri. Ine ndikanaitsukuluza mu ndowa n'kuibwezera mpaka thonje lake litayamba kuphwasuka, kenako m'malo mwake ndikanadula siponji ina yokwana pamenepo. Siponji yabwino imakhala zaka. Ikadzatha, musadzaisinthe yonse kamodzi: mudzadule theka, chatsopano chikhale pambali pa chakale kwa mwezi umodzi kuti mabakiteriya asamukiremo, ndipo theka linalo mudzalisinthe pambuyo pake.

Nkhawa yanu ya tiana ndi yomveka. Vekani kasiponji kunsonga ya paipi yokoka madzi kuti katseke mipata yonse. Kasiponji kameneka kamagwira zinyalala zikuluzikulu zisanalowe m'sefa, moti ya m'kati imachedwa kutsekeka, ndipo mudzaona tiana tikutolatola chakudya pamenepo. Kokha kamafuna kufinyidwa sabata iliyonse, chifukwa kakatsekeka mota imavutika.

Muyang'anenso ma guppy aamuna aja sefa ikayambanso mwamphamvu. Michira yawo ndi yotambalala, ndipo madzi othamanga kwambiri amawatopetsa. Sefa yoyendetsa madzi onse a m'thanki ka 4 kapena ka 5 pa ola, kumene pa malita 60 ndi malita 240 mpaka 300 pa ola, ndi yokwanira. Mukaona akukankhidwa kapena akungokhala pakona, chepetsani pa kachotsegulira ngati kalipo, kapena onjezerani madzi m'thanki kuti asamagwe kuchokera patali. Chimene simuyenera kuchita n'kuzimitsa sefa usiku, chifukwa madzi akaima maola ambiri m'bokosimo okosijeni amatha.

Wofunsa

Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Pa kafani paja panakulungika ulusi wautali wa muzu wa chomera, ndipo m'dzenje lake munali kachigoba ka nkhono kosweka. Nditachotsa zimenezi phokoso latheratu, ndipo madzi akugwanso pamlomo wonse. Chimene chandikhudza n'chakuti pansi pa bokosi, kuseri kwa siponji, ndapezamo tiana tina tamoyo tikusambira m'matope, ndipo ndatibwezera m'thanki ndi kapu. Kasiponji ka kunsonga ya paipi ndaveka, cartridge ndangoitsukuluza. Tsopano madzi akuoneka a mbuu pang'ono. Kodi ndide nkhawa, nanga nsomba ndizidyetse monga mwa masiku onse?

Woyankha woyamba

Mwagwira ntchito yabwino, bambo. Kuchita mbuu kumene kumabwera sefa ikangoyatsidwa kumakhala tizinyalala timene tavunduka, ndipo kumatha pakapita maola angapo kapena tsiku limodzi. Madzi akakhalabe otuwa ngati utsi pakapita masiku awiri, kapena akamaonjezera kutuwa, ndiye kuti mabakiteriya a mtundu wina, odya zowola, achulukana m'madzimo, ndipo pamenepo muyenera kuyeza. Ngati muli ndi zoyezera madzi, yezani tsiku lililonse sabata ino. Amoniya ndi nitrite azikhala pa 0, ndipo nitrate asapitirire mamiligalamu 40 pa lita, ngakhale kuti poti pali tiana ndi bwino kukhala cha m'ma 20. Kumbukirani kuti ma guppy amakonda madzi a pH ya pakati pa 7 ndi 8 (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi: asidi akamachepa imakwera), ndipo pH ikamakwera ululu wa amoniya umakweranso, choncho ngakhale wochepa musamunyozere.

Popanda zoyezera, nsombazo zidzakuuzani. Mukaona zikupumira pamwamba pa madzi, zapinda zipsepse, zikungogwedezeka pamalo amodzi kapena zikukana chakudya, sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi nthawi yomweyo, kapena theka ngati zavuta kwambiri, ndipo sefa musaikhudzenso. Sabata ino zidyetseni mochepa, chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri, ndipo tiana muzitipatsa chosinja bwino pang'onopang'ono kuti chisatsale pansi.

Za tsiku lotsukanso musadalire kalendala. Mwaona mmene madzi amagwera sefa ikakhala bwino, ndiye akadzayamba kuchepa mudzadziwe kuti nthawi yakwana, ndipo m'thanki ngati yanuyi kawirikawiri pamapita masabata 3 kapena 4. Tiana tikamakula zinyalala zidzachuluka ndipo malita 60 sadzakwanira nsomba zonsezo. Ngati mukuganiza za thanki yachiwiri, pezani sefa ya siponji yoyendera pampu ya mpweya, imene siikoka tiana, ndipo muiike m'thanki yomweyi kuyambira tsopano kuti igwire ntchito limodzi ndi inayo kwa mwezi umodzi. Podzasamutsa tiana mudzasamutse ndi sefayo ili yonyowa, ndipo masiku oyamba mudzayeze madzi a m'thanki yatsopanoyo monga mmene mukuyezera ano.